Matenda a Thoko ndi Basi ya ku Gweru

Chinengundu, Chegutu
Lamulungu masana

Thoko mwana wanga,

Ndikukulembera kalata ngati uli kutali, chonsecho uli kuseri kwa khoma ili, wadzikulunga m'bulangete ngati mtolo wa zovala zokachapa. Kuyambira dzulo ndayesa kuyankhula nawe katatu, ndipo katatu konse wandiyankha uli m'kati mwa bulangetemo, ndi Chishona chako chija cha mwana wofuna kumveredwa chisoni: "Mhamha, ndiri kurwara." Ukudwala? Iweyo? Chabwino. Popeza pakamwa tikulephera kumvana, ine ndikangoyamba ndimathera kukalipa, ndakhala pano patebulo la tomato pageti, ndang'amba mapepala akumapeto kwa kope lako lakale la masamu. Ndikulemba m'Chichewa dala. Umachimva bwinobwino, ndipo kuwerenga kwake unaphunzira ku Sande sukulu, usandinamize. Komanso ine ndikapsa mtima Chishona chimandithawa.

Nkhani ndi imodzi yokha. Mawa m'mawa ukwera basi ya ku Gweru, ukayamba koleji ya uphunzitsi. Kalata yawo unandiwerengera wekha, ukuvina pakhonde pano, ndipo inanena poyera kuti amene safika sabata yoyamba malo ake apatsidwa kwa wina. Sutikesi ili apo yolongedza kale, ndowa, mbale, zonse. Ndiye Lachisanu madzulo, mwadzidzidzi, m'mimba. Loweruka, mutu. Lero kutchalitchi wajomba, akuti m'mimba ndi mutu zagwirizana. Ndakugwira pamphumi, pali zii ngati botolo lochokera mufiriji. Sadza lija ndinakusiyira pampando unati sungalilawe n'komwe, koma pobwera kutchalitchi ndapeza mbale ili mbee, mafupa a nkhuku otafunidwa mpaka m'kati. Kapena wadya ndi mphaka? Mphaka tilibe, Thoko.

Ulendo uno ngakhale anyezi sunavutike naye. Ukukumbuka za anyezi? Ine sindidzaiwala mpaka kumanda. Unali giredi 3, patangotha chaka bambo ako atamwalira. M'mawa wina ndavala kale ovolosi, ndikufuna kuthamangira shifiti kufakitale ya thonje, iwe uli gone pamphasa, ukubuula ngati nkhalamba. Ndikugwire m'khosi, mukutentha ndithu. Pambuyo pake ndi pamene ndinadzadziwa kuti unkafunditsa kansalu paketulo n'kudzigunditsa m'khosi ine ndikusamba, koma tsikulo mtima unangoti phwii, chifukwa bambo ako anayambanso choncho, kutentha thupi basi. Ndinakubereka kumbuyo, chimtsikana cha zaka zisanu ndi zitatu, miyendo ikundimenya m'mawondo, wapansi mpaka kukiliniki. Huta wa kufakitale woitanira anthu kuntchito analira ndili panjira, ine ndinangoti alire. Tinakhala pamzere mpaka dzuwa kutentha. Nesi anati kweza mkono tiike choyezera, iwe n'kuumata mkonowo kunthiti. Anaukweza yekha. Anyezi wodula pakati anagwa m'khwapa mwako, n'kugubuduka mpaka paphazi la bambo wina wa ndodo. Benchi yonse inafa ndi phwete, ngakhale odwala enieni. Nesi uja anangoti, "Amayi, uyu kamugulireni tomato basi, anyezi ali naye kale." Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

Kulakwa kwanga kunayambira pomwepo, ndipo ndikufuna ukumve bwino, chifukwa iwe ukukakhala mphunzitsi. Ndinakukoka khutu kuchokera pakiliniki mpaka pageti la sukulu, ndikukalipa njira yonse, amayi ogulitsa masamba m'mbali mwa msewu akundichemerera kuti inde, ana a masiku ano. Ndinakunena kuti ndiwe waulesi, wabodza, wondichititsa manyazi. Zonsezo ndinanena. Funso limodzi lokha ndi limene sindinafunse: Thoko, kusukuluko kuli chiyani?

Kenako ndinatulukira nzeru yanga yopusa. Ndinati popeza umakonda kudwala, uzichiranso mwaulemu wake. Ukangoti m'mimba, ine ndi masamba a nimu pamoto, kapu yodzaza, imwa. Ukati mutu, ndi masamba a bulugama ndi a mandimu m'poto, bulangete pamwamba, kukufukiza mpaka thukuta kamukamu. Ndinkati kuwawako kuchiza bodza. Koma iwe, ee, unkamwa! Unkatsinzina n'kumeza kapu yonse osadontha msozi, kenako n'kubwerera pamphasa. Ndinkauza anzanga kufakitale kuti ndabereka mwana wouma mutu ngati mwala. Miyezi inatha tikuchita zimenezo, ine kuwiritsa, iwe kumeza. Sizinandifike m'mutu kuti mwana akamasankha nimu m'malo mwa sukulu, ndiye kuti kusukuluko kuli chowawa kuposa nimu.

Amene anaona ndi amayi ako aakulu a Esinati, achemwali anga a ku Rimuka ku Kadoma. Anabwera kudzacheza masabata awiri, n'kuona sewero lathu kawiri. Ulendo wachiwiriwo anandiimitsa ndili ndi kapu m'manja. "Iwe, matenda a mwana wakoyu amadziwa kalendala? Bwanji amabwera Lachinayi lokhalokha?" Lachinayi? Sindinkawerenga n'komwe. Anandilanda kapu ija n'kuthira nimu yense m'maluwa, nati ndizipita kuntchito. Iwo anakukhazika pakhonde, kukupatsa lichero la nyemba kuti muzisankha limodzi, osakufunsa kanthu. Akuti nyemba zisanathe, unayamba kulira wekha.

Madzulo ake anandiuza zonse. Lachinayi linali tsiku la phunziro la mwambo. Mphunzitsi wanu, amene sindikuti ankafuna zoipa, ankaimiritsa ana mmodzimmodzi kuti aliyense anene mutupo wake, ndiye mfunda m'Chishona, anene kumusha kwawo, atchule ndi mawu otamandira mtundu wawo. Anzako ankaimirira monyada, wina Shumba, wina Moyo, wina kwawo ku Mhondoro, wina ku Gokwe. Itafika nthawi yako unati kumudzi kwanu ndi ku Chinengundu. Kalasi yonse inaseka, akuti lokeshoni si mudzi. Mutupo unati sukuudziwa. Ndiye pa buleki anayamba kukuitana dzina lija amatitchula akafuna kutinyoza, mubhurandaya, ngati kuti m'nyumba muno alipo amene anapondako ku Blantyre. Ndipo mphunzitsi anati ukafunse kunyumba, Lachinayi lotsatira udzanene. Iwe sunandifunse. Ukanandifunsa bwanji? Si ndine ndemwe ndinkakutsina ukandiyankha m'Chichewa m'kombi, ndikumati zimenezo n'zam'nyumba? Unaona kuti amayi ako akubisa kanthu, iwe n'kuganiza kuti n'chinthu chonyansa. Chonsecho yankho linalipo. Ndiwe Naphiri, mfunda wa bambo ako. Kwanu ndi ku Dedza, kumene agogo ako anachoka wapansi kudzafuna ntchito kuno. Mudzi wake ine sindinauonepo, koma ulipo. Mawu awiri okhawo, ndikanakupatsa pa chakudya cham'mawa, nimu yense uja sakanawira.

Ku Gweru akakufunsanso zomwezo, usakayike. Tsiku loyamba lomwe, m'chipinda chogona, wina akati mutupo wako ndi chiyani. Ukayankhe mokweza, ndine Naphiri, wa ku Chegutu, makolo anga ndi a ku Dedza. Wofuna kuseka aseke, mano ndi ake. Usakalowe m'bulangete chifukwa cha zimenezo. Koma kuti akakufunse, uyenera kukafika kaye. Mawa ukwera basi.

Tsopano ndikuuze chimene sindinakuvomerepo, ngakhale unachiona ndi maso ako. Chifukwa cha kujomba kwako kuja, ahedi anatumiza kakalata kuti kholo libwere. Ine ndinachita chiyani? Ndinatenga duku n'kumanga m'mutu zolimba mpaka maso kutsika, ndinagona pamphasa pomwe paja unkagona iwe, n'kukutuma kuti ukanene kuti amayi BP yakwera. Utangotuluka pageti, ine duku uko, n'kuyamba kuchapa ndikuimba. Unabwerera kudzatenga pensulo, n'kundipeza ndikukamula mabulangete awiri ndi manja angawa. Tinayang'anizana. Kakalata kanabwera katatu, BP inakweranso katatu. Ndinkaopa, Thoko. Ndinkaopa ofesi ya ahedi, mpando wake uja, Chingerezi chimene ndikanayankha mokhota, ndiponso kuti angandifunse ine funso lomwe lija linakugonjetsa iwe. Pomaliza anapita ndi a Esinati, atavala suti yawo ya kumvano, n'kukakonza nkhani yonse m'mphindi zochepa. Ndiye ndikamakalipa kuti bodza limeneli unalitenga kuti, ndimadziwa kumene unalitenga. Sukulu yake inali m'nyumba muno, mphunzitsi wake ndi amene akukulemberayu.

Ndipo ine sindinayambire pa ahedi. Iyi sindinakuuzepo, lero uimva. Ndinakulira pafamu ina kufupi ndi Selous, m'komboni, ndipo ndinkaphunzira pasukulu ya pafamupo. M'kalasi ndinali wakuthwa, usaone tomatoyu. Masamu a m'mutu ndinkayankha mphunzitsi asanamalize funso. Ndili giredi 5, wamkulu kale chifukwa ndinayamba mochedwa, ndinatha msinkhu ndili m'kalasi, osadziwa kalikonse. Ndinaimirira kukalemba pabolodi, anyamata kumbuyo n'kuyamba kuloza diresi langa. Ndinathawa kudzera m'munda wa thonje mpaka kunyumba. M'mawa mwake ndinati m'mimba. Mkuja wake, m'mimba. Amayi anga sanandimenye, sanandimwetse nimu, komanso sanandifunse. Inali nyengo yotola thonje, manja ankafunika. Anangoti, "Wodwala sapita kusukulu, koma mwana angathe kulera," n'kundisiyira khanda kuti iwo apite kumunda. Ine ndinasangalala, ndinati ndapulumuka. Ndinkati sabata imodzi yokha, anyamata aja aiwale. Sabata inakhala mwezi. Thonje litatha, bambo anapeza ntchito kumgodi ku Chakari, tinasamuka. Kumeneko palibe anakumbuka kuti ndinali mwana wa sukulu, inenso ndinachita manyazi kukumbutsa. Basi, sukulu yanga inathera pomwepo. Palibe anandichotsa, palibe anandikaniza. Ndinangogona pamphasa m'mawa umodzi n'kunena kuti m'mimba.

Ndiye ukamandiuza uli m'bulangetemo kuti upita sabata yamawa ukapeza bwino, ine ndimakumbuka mphasa ija. Mawu amenewo ndimawadziwa, ndi anga. Sabata yamawa kulibe, Thoko. Malo ako akampatsa mtsikana wina wa ku Kwekwe, iye akavala gauni, iwe udzakhala pano pageti ukuthamangitsa ntchentche pa tomato n'kumauza ana ako kuti unali wakuthwa m'kalasi. Zokambazo zandikwana ine ndemwe, sindikufuna wina wodzazilandira. Mawa ukwera basi.

Ndipo ukadzakhala ndi kalasi yakoyako, udzakumana nawo ana a anyezi. Adzakhalapo, mwina atatu, mwina asanu. Wina adzagwira pamimba nthawi ya masamu yokha, wina adzatsokomola Lolemba lililonse. Usadzakhale ngati ine. Kukalipa udzakalipe, ndiwe mwana wanga, sungalephere, koma ukatha udzayang'ane kalendala. Udzamukhazike pansi mwanayo pamene palibe anzake, umupatse choko asanje kapena makope anyamule, manja akatanganidwa pakamwa pamamasuka. Ena ndi aulesi ndithu, amenewo alipo, sindikukana. Koma ambiri amene ndawaona ine, kuphatikizapo awiri a m'nyumba ino, amadwala mwabodza chifukwa pali china choona chimene akulephera kuchitchula. Udzafunse. Ndipo kholo likapanda kubwera utaliitana katatu, usadzafulumire kunena kuti silisamala za mwana. Mwina lili kunyumba lamanga duku, likuopa mpando wa mu ofesi yako.

Iwenso kumeneko, zikakakuvuta, ukanene dzina lake lenileni la vutolo. Ngati phunziro lakukanika, ukati landikanika, upite kwa mphunzitsi. Ngati mnyamata wakusokoneza mutu, ukati ndi mnyamata, usati malungo. Ngati walakalaka kunyumba, imba foni ulire, ndikutukwana pang'ono, zitha. Ndipo tsiku limene ukadwale zenizeni, ukapite kukiliniki tsiku lomwelo, osadikira, osabisa, osati pajatu amayi amati ndine wabodza. Pamenepa ndiye ndiyenera kutsitsa mawu, chifukwa ndikulangiza zimene ine ndalephera.

Ulendo uno ndachita zimene ndinalephera uli giredi 3. Dzulo, nditatha kukalipa, ndinakhala pansi n'kudzifunsa kuti mwana amene anavina ndi kalata ya koleji pakhonde, amene wakhala akuwerenga masiku ngati mkwatibwi, chamugoneka n'chiyani? Ndinabwerera m'mbuyo. Lachisanu masana unali bwino, unkaimba. Ndinakutuma kuti utsitse chikwama changa chakale pamwamba pa wadiropu kuti uikemo nsapato. Madzulo ake ndi pamene m'mimba munayamba. Ndiye ndinakatsegula kathumba kam'kati ka chikwamacho. Pepala la kukiliniki lija lilimo, koma ine ndinalipinda kanayi, ndalipeza lopindidwa kawiri. Ukundiyesa chitsiru, Thoko? Unawerenga. Unaona kuti akukiliniki anandilembera kuti ndipite kuchipatala chachikulu ku Kadoma akandijambule pachifuwa, unaona mawu aja analemba ndi inki yofiira kuti msanga, unaonanso kuti papita miyezi itatu ine osapita. Ndiye m'malo mobwera kudzandifunsa, wachita zimene ndinakuphunzitsa. Walowa m'bulangete kuti basi ikusiye, ukhale pano uzindiyang'anira, popanda wina kutchula chilichonse.

Ndapsa mtima, ndipo sindikudziwa kuti ndapsera yani kwambiri, iwe kapena ine. Tayang'ana nyumba yake! Wathanzi ali gone akubuula, wodwala ali pageti akumwetulira makasitomala. Inde, ndikudwala. Ndanena. Chifuwa ichi chayamba kale, chaka chatha chisanathe. Fumbi la thonje lija ndinalimeza zaka zonse zija silinapite kulikonse. Ankatipatsa zotseka pamphuno, koma kunkatentha m'menemo, ine ndinkatsitsira changa m'khosi kapitawo akangotembenuka, ndikumati ndine wolimba. Tsopano ndikakwera kachitunda ka kumsika ndimaima kawiri, ndikunamizira kumanga nsapato. M'mawa ndimakatsokomolera kuseri kwa chimbudzi nditatsegula mpope kuti usamve. Kwaya sindinaisiye chifukwa cha mkangano wa mayunifolomu monga ndinakuuzira, mpweya ndi umene sukufika kumapeto kwa mzere. Kawiri ndaona magazi pang'ono pakansalu. Zonse ndi zimenezo, palibe china chimene ndasunga.

Ukandifunsa kuti bwanji sindinapite, mayankho ndi awiri. Loyamba ndi lokoma kulimva: ndinkafuna uyambe wapita, chifukwa ndimakudziwa, ukanamva ukanang'amba kalata ya koleji. Lachiwiri ndi lochititsa manyazi, koma ndi loona kwambiri: ndikuopa. Ndikuopa kuti akajambula akaona chinthu, n'kuchitchula dzina. Pamene sanachitchule ndimatha kudzuka, kusesa, kukapikula tomato, n'kumati ndi chimfine cha fumbi. Ndi duku lomwe lija, mwana wanga, kungoti ulendo uno ndalimanga mobwerera. Mayi wa zaka zanga, tsitsi layamba imvi, ndikujombabe.

Koma tamvera. Ukuganiza kuti kukhala kwako pano kundichiza? Uli ndi makina ojambulira m'sutikesimo? Udzandiphikira phala, udzandisisita pamsana, ndipo ine tsiku lililonse ndidzakuyang'ana ukudutsa ndi tsache, n'kumadziwa kuti wakhala chifukwa cha ine. Chimenecho ndiye chidzandipha msanga kuposa chifuwa. Fumbi lonse lija sindinkalimeza chifukwa chokonda thonje. Ndinkalimeza kuti tsiku lina m'nyumba muno mudzatuluke munthu ndi sutikesi akupita ku koleji. Tsikulo ndi mawa. Ukakhala, ndiye kuti ndadwala pachabe, ndipo zimenezo sindidzakukhululukira, ngakhale undisambitse ndi manja ako mpaka tsiku lomaliza.

Ndiye tipangane, ngati akuluakulu awiri. Pobwera kutchalitchi ndawaimbira amayi ako aakulu. Ndawauza zonse. Andilalatira mpaka foni kutentha, akuti banja lathu lonse likufunika kufukizidwa. Mawa akatidikira pa siteji ku Kadoma. Basi ya ku Gweru imadutsa pomwepo, ndiye tikwera limodzi, iwe ndi sutikesi yako, ine ndi pepala langa. Tikhala mpando umodzi. Ikaima pa Kadoma, ine nditsika, iwe ukhala. Wamva? Ukhala. Sunyamuka kuti undithandize chikwama, sunditsatira mpaka pakhomo, sukauza kondakitala kuti wasintha maganizo. Ukafuna kulira ukalirire pawindo, anthu a m'basi anaona zambiri. Phazi lako likangoponda pansi pa Kadoma, ndikulumbira, ine chipatalacho sindilowa, ndikwera kombi yobwerera ku Chegutu n'kudzakhala pano pa tomato mpaka chifuwa chitandimaliza. Ukudziwa kuti ndikhoza. Koma ukakhala pampandopo mpaka basi kunyamuka, ine ndikalowa, ndikaima pamzere, ndikavula bulauzi, ajambule zimene akufuna.

Ndipo ndikulonjeza ichi, chimene sindinalonjezepo munthu. Chimene akanene adokotala ndidzakuuza monga momwe anenera, tsiku lomwelo, osachotsera. Chikakhala chaching'ono ndidzati chaching'ono. Chikakhala chachikulu ndidzati chachikulu, ndipo tidzakambirana zochita, iwe uli ku Gweru, ine ndili kwa a Esinati, amene anena kale kuti sandilola kubwerera kuno ndekha mpaka nditayamba mankhwala. Sindidzanenanso kuti ndili bwino pamene sindili bwino. Iwenso usadzanenenso kuti ukudwala pamene chimene chikukupweteka ndi mantha. Tatopa nazo, Thoko. Ine ndatopa.

Mapepala atha, ndipo pali mayi wina waima apa akufinya tomato wanga mmodzimmodzi ngati akufuna kumuyeza BP. Ndikamugulitsa, ndilowetsa kalatayi pansi pa chitseko chako. Uiwerenge kawiri ngati ukufuna, koma usandiyankhe uli m'bulangete, ndipo usabwere kudzandigwira ngati dzira, sindinafe. Madzi ndakuikira pamoto. Usambe, uvale, utenge chipeso ndi mafuta, ubwere pakhonde. Tsitsi lakolo silingapite ku koleji lili choncho, anthu angati ulibe mayi. Bwera ndikuluke dzuwa lisanalowe, manja anga akadali ndi mphamvu.

Ndine amayi ako,
okwiya, koma ako ndithu.